Za mawa sitikuzidziwa: mafunso ndi mayankho pa nzeru ndi chiyembekezo cha m'Baibulo

Mafunso awa ndi aja amangobwerabwera, ena pa foni pakati pa usiku, ena tikamaliza kuphunzira Mawu anthu abalalika wina n'kutsalira kumbuyo kumati ndili ndi kafunso kakang'ono, koma ukamva n'kupeza kuti ndi funso lomwe lamudya miyezi. Nde ndaona kuti ndiwaike pamodzi. Mavesi ambiri ndangowafotokoza m'mawu anga, chonde tsegulani Baibulo lanu muwerenge nokha, chaputala chonse ngati mungathe.

Kodi Baibulo likamanena za nzeru limatanthauza chani kwenikweni?

Si nzeru zokhoza mayeso ayi. Liwu la Chiheberi lomwe timamasulira kuti nzeru ndi lomwelonso likunenedwa pa Bezaleli, mmisiri uja wosula golide ndi kusema miyala pomanga chihema (Eksodo 31), ndiponso pa amayi aja ankapota ulusi ndi manja awo (Eksodo 35:25). Nde nzeru ndi luso, luso lokhala moyo pamaso pa Mulungu: kudziwa poyankhula ndi potseka pakamwa, pobwereka ndi pokana kubwereka, podikira ndi podzuka n'kuyenda.

Taonani Miyambo 26:4-5. Vesi 4 ikuti usachiyankhe chitsiru monga mwa utsiru wake, vesi 5 yomwe ili pansi pake penipeni ikuti chiyankhe chitsiru monga mwa utsiru wake. Wolembayo sanasokoneze, anaziika dala moyandikana kuti udziwe kuti kuloweza vesi sikokwanira, pamafunika kuzindikira kuti lero pano ndi vesi iti ikugwira. Nzeru imeneyi imayamba ndi kuopa Yehova (Miyambo 9:10), ndipo Yakobo 1:5 akuti amene ikumusowa apemphe kwa Mulungu, amene amapereka mosatonza. Ine mawu oti mosatonza aja ndimawakonda kwambiri, chifukwa anthufe tikafunsidwa chinthu chimodzi kachitatu timayamba kukwinya nkhope.

Nanga chiyembekezo cha Chikhristu chikusiyana bwanji ndi kungodzilimbitsa mtima kuti zonse zikhala bwino?

Kudzilimbitsa mtima kumatsamira pa zomwe zichitike. Chiyembekezo chimatsamira pa Mulungu mwini wake ndi pa zomwe anachita kale. N'chifukwa chake 1 Petro 1:3 amachimangirira pa kuuka kwa Yesu kwa akufa, osati pa mmene chaka chino chiyendere. Ahebri 6:19 amachitcha nangula wa moyo, ndipo nangula saletsa mafunde, ngalawa imagwedezekabe, am'katimo amanyowabe, kungoti simatengedwa kupita kumiyala.

Chitsanzo chomwe chimandimvekera bwino ndi cha Sadrake, Mesake ndi Abedinego pa Danieli 3:17-18. Anamuuza Nebukadinezara kuti Mulungu wathu akhoza kutipulumutsa m'ng'anjoyi, koma olo asatipulumutse, fano lanu sitiligwadira. Panthawi imene ankayankhula mawuwo sankadziwa kuti nkhani yawo itha bwanji, ife ndi amene timadziwa chifukwa tinawerenga mpaka kumapeto.

Komanso vesi ija timaiimba m'mawa yoti chifundo chake chimaoneka chatsopano m'mawa uliwonse ili m'buku la Maliro (3:22-23), buku la munthu amene akuyang'ana Yerusalemu ataphwasulidwa, kachisi atatenthedwa, ana akukomoka ndi njala m'misewu. Munthu ameneyu sankadzinamiza kuti zinthu zili bwino.

Ndikufuna kuyamba kuwerenga Baibulo tsiku ndi tsiku koma sindikudziwa poyambira. Ndiyambire pati?

Ngati mtima uli wolemera, Masalimo. Ngati pali zosankha zambiri kutsogoloku, Miyambo, ili ndi machaputala 31 nde ambiri amawerenga chaputala chogwirizana ndi deti ya tsikulo. Ndipo pambali pa izi werengani Uthenga Wabwino umodzi kuyambira koyamba mpaka kumapeto, Marko ndi waufupi, machaputala 16 basi. Mukadumphitsa masiku musabwerere kukabweza ngongole, pitirizani pomwe munalekera.

Ndimada nkhawa kwambiri, pena mpaka tulo osabwera. Kodi ndi tchimo? Kapena chikhulupiriro changa ndi chochepa?

Funso ili limabwera kuposa onse, ndipo kawirikawiri wofunsayo amakhala wasenza katundu awiri, nkhawa yeniyeniyo ndi manyazi oti Mkhristu sayenera kukhala choncho. Wachiwiriyo tulani pansi kaye.

Paulo yemwe analemba kuti musadere nkhawa konse (Afilipi 4:6) ndi yemweyonso anavomera kuti tsiku ndi tsiku nkhawa ya mipingo yonse inkamupanikiza (2 Akorinto 11:28), ndipo ku Asiya zinamuthina mpaka anataya mtima kuti sakhalanso ndi moyo (2 Akorinto 1:8). Yesu ku Getsemane anauza ophunzira atatu aja kuti moyo wake wazingidwa ndi chisoni chofa nacho. Nde kumva mantha m'thupi, mtima kugunda, m'mimba kutentha, si umboni woti mwagwa m'chikhulupiriro.

Chomwe mavesiwa akutiuza ndi kokaitula nkhawayo. Afilipi 4:6 sikuthera pa musadere nkhawa, ikupitirira kunena kuti zopempha zanu zidziwike kwa Mulungu, ndi chiyamiko. 1 Petro 5:7 akuti tayani pa Iye nkhawa zanu zonse, ndipo sungataye chinthu chomwe ukukana kuti uli nacho. Ine ndimalimbikitsa anthu kuitchula dzina nkhawayo, olo kuilemba pa pepala: lendi ya mwezi uno, zotsatira za magazi Lachinayi, mwana amene wasiya kundiyankhula. Nkhawa yopanda dzina imakula ngati mthunzi wa madzulo, koma ukailemba umaona kuti pali zomwe ungachitepo mawa m'mawa ndi zomwe sizili m'manja mwako n'komwe. Ngati zafika poti simukudya, simukugona masabata, onaninso funso la zachipatala m'munsimu.

Yesu anati musadere nkhawa za mawa. Nde ndisiye kupanga mapulani ndi kusunga ndalama?

Ayi. Miyambo 6:6-8 ikutituma kukaphunzira kwa nyerere yomwe imatuta nthawi ya masika, Yosefe anasungitsa tirigu zaka 7 kukonzekera zaka 7 za njala, ndipo Yesu mwini anati womanga nsanja ayambe wakhala pansi n'kuwerengera mtengo wake (Luka 14:28). Yakobo 4:13-15 sakudzudzula amalonda chifukwa chokonza ulendo, akuwadzudzula chifukwa choyankhula ngati mawa ndi lawo, akuti muziti Ambuye akalola tidzakhala ndi moyo n'kuchita chakuti.

Pulani imathera pa chochita, ukamaliza umatseka kope n'kukagona. Nkhawa ilibe pothera, imangozungulira pamalo amodzi. Pa Mateyu 6:34 Yesu sanati mawa kulibe mavuto, anati tsiku lililonse zovuta zake zilikwanira. Nkhani ya mana, chakudya chomwe Mulungu ankapatsa Aisraeli m'chipululu, pa Eksodo 16 imandithandiza kumvetsa izi. Anthu ankatola za tsiku limodzi, amene anayesa kusungira mawa anadzuka zitachita mphutsi n'kununkha, kupatula pa tsiku la 6 pomwe ankatola za masiku awiri chifukwa cha Sabata. Zaka 40 zathunthu banja lililonse linkagona mphika uli mbee, m'mawa n'kupeza Mulungu wawakumbukiranso. Mphamvu zopirira mavuto a mawa sizibwera lero, nde ukamalimbana ndi za mawa usiku uno ukulimbana nazo chimanjamanja.

Yeremiya 29:11 akuti Mulungu ali ndi malingaliro abwino pa ine. Bwanji nanga moyo wanga sukuyenda?

Apa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa vesi imeneyi ili ponseponse, pa sitetasi, pa makadi, pa makalendala, koma ochepa amawerenga kalata yonse yomwe vesiyi ilimo.

Yeremiya ankalembera anthu amene anatengedwa ukapolo kupita ku Babulo chaka cha 597 Yesu asanabadwe, pamodzi ndi mfumu yawo Yekoniya, akuluakulu ndi amisiri. Anthuwa ankafuna kumva chinthu chimodzi, kuti tibwerera liti kwathu. Ndipo analipo aneneri owauza zomwe ankafunazo. Pa chaputala 28 Hananiya anaimirira m'nyumba ya Yehova pamaso pa ansembe ndi anthu onse n'kunena kuti zaka 2 zisanathe zonse zibwerera, mpaka anachotsa goli lomwe Yeremiya anavala m'khosi n'kulithyola anthu akuona. Uthenga wokoma zedi, ndipo ndikukhulupirira ambiri anapita kwawo tsiku limenelo mitima ili myaa. Hananiya ananena izi mwezi wa 5, mwezi wa 7 chaka chomwecho anafa.

Kalata ya Yeremiya inanena zina. Vesi 10, yomwe ili pamwamba penipeni pa vesi timaikondayi, ikuti zaka 70. Tangoganizani munthu wa zaka 40 akumva kalatayo ikuwerengedwa, akuwerengera pa zala n'kuzindikira kuti iye kwawo sadzakuonanso, mwina adzukulu ake. Nde Mulungu akuwauza chani choti achite? Mangani nyumba mukhalemo, limani minda mudye zipatso zake, kwatirani, kwatitsani ana anu, ndipo mufunire mtendere mzinda womwe mwatengedwerako, muupempherere (vesi 5 mpaka 7). Kutanthauza kuti musakhale pa katundu womangamanga kudikira kuti moyo weniweni udzayamba mavuto akadzatha.

Choncho lonjezoli ndi loona ndithu, Babulo anagwadi m'manja mwa Koresi, mfumu ya Perisiya, mu 539 Yesu asanabadwe ndipo anthu anabwerera. Koma silinali lonjezo loti chaka chino zonse zitheka. Linali loti Mulungu sanakutayeni, mapeto ali m'manja mwake, nde dzalani mtengo pomwe mulipo. Kwa ine izi n'zolimbikitsa kuposa mmene timaitengera vesiyi, chifukwa zimagwira ntchito ngakhale chaka chomwe palibe chasintha.

Ndidziwa bwanji chifuniro cha Mulungu pa nkhani ya ntchito, banja kapena kusamuka?

Ambiri timafuna mapu a ulendo wonse, koma Salimo 119:105 ikunena za nyali ya kumapazi. Nyali za nthawi imeneyo zinali kambale kadothi kokwana m'dzanja, mafuta pang'ono ndi chingwe, kuwala kwake kongokwanira kuona popondapo. Abrahamu anatuluka osadziwa komwe akupita (Ahebri 11:8).

Yambani ndi zomwe zalembedwa kale poyera. Ngati ntchitoyo ikufuna kuti muzinama kapena kubera anthu, palibe chosalira kudya pamenepo, yankho lilipo kale. Mika 6:8 ndi 1 Atesalonika 4:3 ndi 5:16-18 akunena chifuniro cha Mulungu mosabisa: chilungamo, chifundo, kudzichepetsa, chiyero, kupemphera, kuyamika. Zikakhala kuti njira zonse ziwiri ndi zoyera, pemphani nzeru, fufuzani zoona zake za nkhaniyo, funsani anthu okhwima amene amakudziwani ndipo sachita mantha kukutsutsani (Miyambo 15:22), paja mutu umodzi susenza denga. Kenako sankhani. Paulo pokamba za mkazi wamasiye anati ali womasuka kukwatiwa ndi amene afuna, koma mwa Ambuye (1 Akorinto 7:39). Amene afuna, mwamva? Mulungu amatipatsa mpata wosankha ngati ana akuluakulu.

Ndipo kutsekeka kwa khomo sikutanthauza kuti munalakwitsa. Pa Machitidwe 16:6-10 Paulo ndi anzake anafuna kulalikira ku Asiya, Mzimu anawaletsa, anayesa ku Bituniya, sizinathekenso, anatsikira ku Trowa ndipo kumeneko ndi komwe anaona masomphenya a munthu wa ku Makedoniya. Ankatsogozedwa ali paulendo, sanakhale pansi kudikira chizindikiro asananyamuke. Ndaona abale akutha zaka osasuntha poopa kuphonya chifuniro cha Mulungu, ngati kuti Mulungu akubisalira kuti ukaponda molakwika akusiye. Mlaliki 11:4 akuti woyang'ana mphepo sadzafesa.

Kodi n'kulakwa kutsegula Baibulo paliponse n'kutenga vesi yomwe chala chagwera ngati yankho? Nanga maloto ndi maulosi?

Kutsegula mwachisawawa sindikulimbikitsa. Mabuku a m'Baibulo analembedwa opanda manambala, machaputala omwe tili nawowa anagawidwa cha m'ma 1200 ndi Stephen Langton, ndipo mavesi a Chipangano Chatsopano anaikidwa ndi wosindikiza mabuku Robert Estienne mu 1551. Manambalawa ndi othandiza kupeza malo, koma vesi si uthenga woima pawokha. Satana naye anatchula Salimo 91 poyesa Yesu kuti adziponye pansi (Mateyu 4:6), mawu ake anali a m'Malemba ndithu koma atazulidwa pamalo pake.

Za maloto ndi maulosi, 1 Atesalonika 5:20-21 akuti musanyoze maulosi koma yesani zonse. Anthu a ku Bereya anayamikiridwa chifukwa chofufuza m'Malemba tsiku ndi tsiku ngati zomwe Paulo ankanena zinali zoona (Machitidwe 17:11), nde ngati Paulo ankafufuzidwa palibe amene ali pamwamba poti n'kufufuzidwa. Chenjerani ndi ulosi wokuopsezani kuti mupereke ndalama, wokudanitsani ndi abale anu, kapena wokuuzani kuti musiye mankhwala. Petro anamuuza Simoni wamatsenga wa ku Samariya kuti ndalama zako ziwonongeke nawe pamodzi chifukwa unayesa kuti mphatso ya Mulungu ingagulidwe (Machitidwe 8:20). Za aneneri olonjeza madeti onani nkhani ya Hananiya pamwambapa.

Ndapemphera zaka zambiri za chinthu chimodzi koma palibe chasintha. Kodi Mulungu amandimva?

Apa sindikupatsani yankho lokongola. Chaka china mwana wanga anagonekedwa m'chipatala masabata atatu, madokotala akuyezayeza osapeza chenicheni. Ndinkagona pa mpando pafupi ndi bedi lake, usiku n'kumangowerenga madontho a diripi, limodzi, lina, lina, ndipo mapemphero anga onse aja ataliatali anatha, pakamwa panangotsala mawu awiri, Ambuye chonde. Usiku wina foni itatsala pang'ono kuzima ndinatsegula Salimo 13, pomwe Davide akufunsa kuti mpaka liti kanayi konse m'mavesi awiri oyamba. Ndinazindikira kuti Mulungu analola funso limeneli kulowa m'buku lake la nyimbo, kuti anthu ake aziliimba pamaso pake. Mwanayo anachira pang'onopang'ono, koma pa bedi loyandikana nalo panali mayi wina amene ankapemphera kuposa ine, ndipo iye anatuluka m'chipatalamo atanyamula zovala za mwana wake basi. Mpaka lero ndimamukumbukira, ndipo n'chifukwa chake sindingakuuzeni kuti mukapemphera mwamphamvu chilichonse chitheka.

Chomwe ndingakuonetseni ndi anthu a m'Baibulo amene anadikira. Abrahamu analonjezedwa ali ndi zaka 75, Isake anabadwa iye ali ndi 100. Yosefe anali ndi zaka 17 pomwe nkhani yake ndi abale ake imayamba, anaima pamaso pa Farao ali ndi 30, ndipo 2 mwa zaka zimenezo anazitha m'ndende chifukwa choti woperekera chikho wa Farao, amene Yosefe anamumasulira loto, anangomuiwala. Paulo anapempha katatu kuti munga wa m'thupi uchoke, yankho linali loti chisomo changa chikukwanira (2 Akorinto 12:8-9). Ahebri 11 ili ndi ena amene anatseka pakamwa pa mikango ndi ena amene anaponyedwa miyala n'kuchekedwa pakati, ndipo onsewa akuwerengedwa kuti anali ndi chikhulupiriro chimodzimodzi. Kuli ngakhale Salimo 88 yomwe imatha mumdima, popanda vesi yoyamika kumapeto, koma kuyambira koyamba mpaka kotsiriza wolembayo akuyankhulabe ndi Mulungu.

Nde pitirizani kupempha, Yesu anatero pa fanizo la mayi wamasiye ndi woweruza (Luka 18). Ndipo masiku omwe mawu akusowa, Aroma 8:26 akuti Mzimu amatipempherera ndi zobuula zosaneneka.

Mavuto angawa mwina ndi chilango cha machimo anga?

Pali mavuto omwe timadziitanira tokha, ukabwereka mosaganiza ngongole ikupeza, ndipo pamenepo chofunika n'kulapa ndi kukonza. Koma kuganiza kuti vuto lililonse ndi chilango ndi chiphunzitso cha anzake a Yobu, ndipo kumapeto kwa bukulo Mulungu anamuuza Elifazi kuti iye ndi anzake awiri sananene zoona za Iye (Yobu 42:7). Ophunzira atafunsa kuti anachimwa ndani kuti munthu uja abadwe wosaona, Yesu anati si iye kapena makolo ake (Yohane 9:3). Za anthu 18 aja nsanja ya ku Siloamu inawagwera anati sanali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu (Luka 13:4-5). Ngati pali tchimo lomwe mukulidziwa, liululeni, 1 Yohane 1:9 ikulonjeza chikhululukiro. Ngati mwafufuza mtima wanu osapeza kanthu, musapeke tchimo kuti mupeze chifukwa.

Kupita kwa dokotala kapena kwa aphungu pa nkhani ya maganizo si kusowa chikhulupiriro?

Si kusowa chikhulupiriro. Luka anali dokotala ndipo Paulo ankamutcha wokondedwa (Akolose 4:14). Paulo yemweyo anamusiya Trofimo akudwala ku Mileto (2 Timoteyo 4:20), ndipo Hezekiya atalonjezedwa kuchira Yesaya analamulabe kuti amuike nkhuyu pa chotupacho (2 Mafumu 20:7).

Werengani 1 Mafumu 19 modekha. Eliya, mneneri amene wangoona moto ukutsika kumwamba, wathawira m'chipululu, wakhala pansi pa kamtengo n'kupempha kuti afe. Mngelo sanamudzudzule, sanamulalikire. Anamudzutsa kuti adye mkate ndi kumwa madzi, anamusiya agonenso, n'kumudzutsanso kachiwiri kuti adye chifukwa ulendo ndi wautali. Zokambirana zinabwera pambuyo ku Horebu, komwe Mulungu anamuuza kuti sali yekha, alipo 7,000 amene sanagwadire Baala, n'kumupatsanso Elisa woti aziyenda naye. Tulo, chakudya, mnzako woyenda naye, zonsezi Mulungu amazitenga ngati mbali ya kuchiritsa.

Ndipo ngati maganizo ofuna kudzipha ayamba kukubwererani, chonde m'bale wanga, mlongo wanga, uzani munthu lero lomwe, osati mawa, ndipo pitani kuchipatala. Musakhale nokha ndi maganizo amenewo.

Nkhondo, miliri, zivomezi, zinthu kukwera mitengo, kodi awa si mapeto a dziko?

Yesu anati mudzamva za nkhondo ndi mbiri za nkhondo, musaope, ziyenera kuchitika koma mapeto sanafike (Mateyu 24:6), ndipo za tsikulo ndi ola lake palibe adziwa koma Atate (Marko 13:32). Amene anayesa kuwerengetsa deti anagwiritsa anthu mwala. Otsatira a William Miller ku America anadikira pa 22 Okutobala 1844, ena atasiya ntchito ndi minda yawo, ndipo Harold Camping analengeza za 21 Meyi 2011. Ambuye adzabweradi, ichi ndiye chiyembekezo chathu chachikulu, koma ku Tesalonika komwe ena anasiya ntchito n'kumangoyendayenda Paulo anawalamula kuti agwire ntchito mwachete adye zawozawo (2 Atesalonika 3:11-12). Ngati nkhani za pa foni zikukulandani tulo, chepetsani nthawi yomwe mumaziwerenga, makamaka musanagone.

Mnzanga ali pa mavuto aakulu, waferedwa kapena ntchito yamuthera. Ndimuuze vesi iti?

Mwina musayambe ndi vesi. Chinthu chabwino chomwe anzake a Yobu anachita ndi kukhala naye pansi masiku 7 usana ndi usiku osanena kanthu (Yobu 2:13), zinaipa atatsegula pakamwa kuyamba kufotokoza zifukwa. Yesu pa manda a Lazaro ankadziwa kuti amuukitsa posachedwa, komabe analira (Yohane 11:35). Miyambo 25:20 ikuti woimbira nyimbo munthu wa mtima wosweka ali ngati womuvula malaya tsiku lozizira.

Aroma 8:28, yoti zonse zimathandizana kuwachitira ubwino amene akonda Mulungu, ndi yoona, koma ndi vesi yoti munthu aigwire yekha nthawi yake ikakwana, osati yoti umuponyere tsiku lomwe waika mwana wake m'manda. Yosefe ananena kuti inu munandipangira choipa koma Mulungu anachipangira chabwino patapita zaka zambirimbiri (Genesis 50:20), sananene ali m'dzenje muja abale ake anamuponyamo. Pitani, khalani naye, mugwireni dzanja, tengani ntchito imodzi yomwe ikumulemera muichite osadikira kuti apemphe. Ndipo mudzabwerenso pakatha miyezi iwiri kapena itatu anthu onse atasiya kufika, pamenepo ndi pomwe nyumba imakhala zii.

Ndikukayikakayika ndipo mumtima mwangouma gwa, pemphero silikukoma, Baibulo silikulowa. Ndine Mkhristube?

Yohane Mbatizi, amene anamuloza Yesu n'kunena kuti onani Mwanawankhosa wa Mulungu, ali m'ndende anatuma ophunzira ake kukafunsa kuti kodi ndinu uja wakudzayo kapena tiyembekezere wina (Mateyu 11:3). Yesu anamutumizira yankho, ndipo amithengawo atangochoka anauza khamu kuti mwa obadwa ndi akazi sanauke wamkulu woposa Yohane. Bambo uja wa mwana wogwidwa ndi mzimu woipa anafuula kuti ndikhulupirira, thandizani kusakhulupirira kwanga (Marko 9:24), ndipo Yesu anamuchiritsira mwanayo pa chikhulupiriro chosakanizika chomwecho. Munthu amene wachokadi savutika ndi funso ngati lanuli.

Nyengo zouma zimafika kwa aliyense amene wayenda ndi Mulungu nthawi yaitali, ine zandifikapo kangapo ndipo ina inatha pafupifupi chaka. Zomwe zinandisunga zinali zazing'ono. M'mawa ndinkanena Pemphero la Ambuye pang'onopang'ono, mzere umodzi n'kupuma, olo ndisamve kalikonse. Ndinkawerenga Salimo imodzi mokweza, kawirikawiri 42, pomwe wolembayo akudzifunsa yekha kuti moyo wanga ukuweramiranji. Ndipo sindinasiye kusonkhana ndi anzanga ngakhale ndinkangokhala kumbuyo osatha kuimba, iwo ankaimba ine n'kumamvetsera, ngati munthu wakufa ziwalo uja anzake anayi anamunyamula pa mphasa n'kusasula denga kuti afike naye pamaso pa Yesu, ndipo Marko 2:5 ikuti Yesu anaona chikhulupiriro chawo. Ndinauzanso munthu mmodzi wachikulire mu mpingo mmene zinalili, iye sanadabwe ngakhale pang'ono, anangoti nanenso zinandichitikirapo, ndipo kuyambira sabata imeneyo ankandiimbira foni Lachitatu lililonse madzulo, tipemphere limodzi mphindi zisanu.